Kodi mumadziwa? Mawu ofanana nkhope, osiyana mtima

Chingerezi chomwe timachipeza pa zikalata za kukhoti, pa mapepala a malo, kuchipatala ndi m'mabuku a mayeso a fomu 4 si cha dzulo ayi. Mawu ambiri m'menemo ali ndi zaka mazanamazana, ndipo ena amayenda awiriawiri, ofanana kalembedwe kapena kamvekedwe pomwe matanthauzo ali kutalikutali. Nthawi zina chosiyanitsa ndi lemba limodzi lokha, koma lemba limenelo likhoza kutayitsa munthu munda, ndalama kapena malikisi. Sabata ino tatola mawu oterewa omwe munthu wa ku Phalombe amakumana nawo, kaya ali pa Migowi, pa Chiringa kapena ku Nkhulambe.

1. Kodi mumadziwa kuti liwu lathu loti belo linachokera ku mawu awiri osiyana a Chingerezi? Loyamba ndi "bale". Ili ndi belo lomwe mlimi amadinda pa jeke: fodya wasankhidwa m'magiredi, wayalidwa bwinobwino m'bokosi, wapanikizidwa, kenako n'kusokereredwa m'chiguduli ndi kulembedwa nambala ya mlimi, ulendo wa ku okushoni ku Limbe. Ndi lomwelonso la kaunjika lomwe amalidula zingwe m'mamawa tsiku la msika. Lachiwiri ndi "bail", belo yomwe munthu womangidwa amapempha kuti azikadikira mlandu wake ali kunyumba. Eni chilankhulo amawatchula mofanana ndendende, n'chifukwa chake kwa ife anasanduka liwu limodzi.

2. Kodi mumadziwa kuti mawu awiriwa sali pachibale n'komwe? "Bale" ndi la banja limodzi ndi "ball", chinthu chobulungira kapena chomangidwa pamodzi. "Bail" linadzera m'Chifalansa chakale, momwe linkatanthauza kupereka munthu kapena chinthu m'manja mwa wina kuti asunge, ndipo muzu wake ndi liwu la Chilatini lonena za kusenza katundu. Tanthauzo limenelo lilipobe. M'bale amene wasayinira munthu kuti atuluke wasenzadi katundu, chifukwa womangidwayo akathawa, khoti limafunsa iyeyo. Chichewa chinapeza njira yake yowasiyanitsira: timati belo la fodya, mabelo awiri, koma kukhoti timati belo yake yakanidwa.

3. Kodi mumadziwa kuti belo ya kupolisi ndi yaulere? Belo la kaunjika ndi logula, koma iyi ilibe mtengo. Kukhoti woweruza akhoza kulamula kuti musiye ndalama ya chikole kapena mubwere ndi okuimirirani, ndipo ndalama yotero imakhala ndi lisiti. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti latsegula ngati maolawo athera kunja kwa nthawi ya ntchito. Limanenanso kuti ali ndi ufulu wotulutsidwa, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwebe.

4. Kodi mumadziwa kuti "gaol" si "goal" lolembedwa molakwika? "Goal" ndi chigoli cha pa bwalo la mpira. "Gaol" ndi ndende, ndipo limatchulidwa chimodzimodzi ndi "jail", komwe kunachokera liwu lathu loti jele. Kalembedwe konse kawiri kanalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa: "gaol" kuchokera kwa anthu a ku Normandy, "jail" kuchokera ku Chifalansa cha ku Paris. Gwero lake ndi liwu la Chilatini lotanthauza khola la mbalame kapena la nyama. Maofesi a boma la Britain anakakamira "gaol" kwa zaka zambiri, choncho wophunzira mbiri akalipeza m'mapepala akale a nthawi ya atsamunda adziwe kuti akuwerenga za akaidi.

5. Kodi mumadziwa kuti Mngerezi akaona koyamba dzina la mtsinje wa Shire amalitchula molakwika? Kwawo kuli liwu lakale kwambiri, "shire", lolembedwa chimodzimodzi koma lomveka ngati shaya. Limatanthauza chigawo cha dziko, ndipo ndi lomwe lili kumapeto kwa mayina monga Yorkshire ndi Lanarkshire, kwawo kwa David Livingstone. Mkulu woyang'anira chigawo chotere m'malo mwa mfumu ankatchedwa "shire reeve", ndipo mawu awiriwa atalumikizana anabala "sheriff". Masherifu omwe amabwera kudzatenga katundu khoti likagamula za ngongole, dzina lawo linachokera kumeneko. Shire wathu ndi dzina la kunokuno. Ndipo madzi a mtsinje wa Phalombe safikako n'komwe: amakathera m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi.

6. Kodi mumadziwa kusiyana kwa "fort", "port" ndi "ford"? "Fort" ndi linga la asilikali. Fort Lister, linga lomwe mabwinja ake alipobe pa mpata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, linamangidwa mu 1893 kuti litseke njira yomwe ogulitsa akapolo ankadutsitsamo anthu popita kunyanja yamchere. Mangochi ankatchedwa Fort Johnston, Mchinji Fort Manning, Chitipa Fort Hill. "Port" ndi doko la sitima zapamadzi, n'chifukwa chake Nsanje, komwe sitima zokwera mu Shire zinkakocheza, ankati Port Herald. "Ford" ndi powolokera mtsinje ndi miyendo, ndipo dzina la mzinda wa Oxford limatanthauza powolokera ng'ombe. "Ford" ndi "port" ndi a muzu umodzi. "Fort" linachokera ku liwu la Chilatini lonena za mphamvu.

7. Kodi mumadziwa kuti m'mapepala akale dera lathu linkalembedwa Palombe, popanda h? Mulanje ankalembedwa Mlanje, Thyolo ankalembedwa Cholo, ndipo Livingstone atafika pa nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859 analemba Shirwa. M'Chingerezi kampweya kamene kamatsatira p, t kapena k sikasintha tanthauzo la liwu, choncho makutu a alendowo sankakalabadira. Kwa ife kampweya kameneko ndi nkhani yaikulu. Kuponya mwala si kuphonya mbalame. Kukuta buku si kukhuta nsima. Kukala ndi zikhadabo si kukhala pa mkeka. Pamene Phalombe ankadulidwa ku Mulanje n'kukhala boma palokha mu 1998, dzina linali litabwerera kale m'kalembedwe koyenera.

8. Kodi mumadziwa kuti Chichewa chili ndi mawu omwe kalembedwe sikawasiyanitsa konse? Mtengo wa mango ndi mtengo wa nandolo pamsika amalembedwa chimodzimodzi, koma liwu limakwera mosiyana potchula. Khungu la pathupi ndi khungu la kusaona n'chimodzimodzinso. Mbale yodyera ndi m'bale wobadwa naye amasiyana ndi kachizindikiro kamodzi kam'mwamba. Mwana wa zaka zisanu sasokoneza mawu amenewa. Ndiye kuti luso lomva kusiyana kwakung'ono tili nalo kale kuyambira paubwana. Chofunika ndi kuligwiritsa ntchito pomwe tikuwerenga Chingerezi, m'malo mochita mantha ndi pepala.

9. Kodi mumadziwa kuti Chingerezi chinali ndi iwe ndi inu ngati ife? "Thou" linali iwe, "ye" linali inu. "Thee" ndi iwe yemweyo akakhala wochitiridwa chinthu, monga timanenera kuti ndakuona, ndipo "you" linkagwira ntchito yomweyo kwa anthu ambiri, monga ndakuonani. "Thy" ndi "thine" ankanena za chako. Patapita nthawi anthu anayamba kunena "you" kwa munthu mmodzi pomulemekeza, monga mkamwini amanenera inu kwa apongozi ake. Ulemuwo unafalikira mpaka "thou" linatha m'kamwa mwa ambiri pofika zaka za m'ma 1700. A mpingo wa Quaker, otsatira George Fox m'zaka za m'ma 1600, ankakana kunena "you" ngakhale kwa oweruza milandu, ponena kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu, ndipo ankazunzika nazo.

10. Kodi mumadziwa kuti "thou" wa m'mapemphero si liwu laulemu wapadera? Ambiri akamalimva m'nyimbo zakale za kutchalitchi amaganiza kuti ndi liwu losungidwira Mulungu yekha. M'Baibulo la King James la 1611, omasulira ankalemba "thou" ndi "thee" ponena za mmodzi, kaya ndi Mulungu, mfumu, kapolo kapena Satana, ndipo "ye" ndi "you" ponena za ambiri, potsatira Chiheberi ndi Chigiriki. Izi zimathandiza wowerenga kudziwa ngati mawu akupita kwa munthu mmodzi kapena kwa gulu. Omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, anatsata mwambo wathu: kwa Mulungu analemba Inu, pakuti kwathu kuno wamkulu sanenedwa iwe.

11. Kodi mumadziwa kuti pali "ye" awiri? Woyamba ndi uja wa inu. Wachiwiri amapezeka pa zikwangwani za masitolo ndi malo odyera ofuna kuoneka achikale ku England, ndipo ameneyu ndi "the" chabe. Chingerezi chakale chinali ndi lemba lapadera, þ, loimira kamvekedwe ka th. M'zolemba zapamanja lembali linafika pofanana kwambiri ndi y. Makina osindikizira mabuku atafika ku England, pomwe William Caxton anatsegula malo ake ku Westminster mu 1476, zilembo zambiri zachitsulo zinkachokera kumayiko omwe analibe þ, ndipo osindikiza ena ankaikapo y. Owerenga a nthawiyo ankatchulabe "the". Lemba þ likugwirabe ntchito mpaka lero m'chilankhulo cha ku Iceland.

12. Kodi mumadziwa kuti "wherefore" silifunsa malo? Ophunzira ambiri omwe anawerenga Romeo and Juliet pokonzekera mayeso a MSCE anakodwapo pamenepa. Chifukwa liwuli limayamba ndi "where", amaganiza kuti Juliet akufunsa komwe kuli Romeo. "Wherefore" limatanthauza chifukwa chiyani, ndipo mnzake woyankha ndi "therefore", chifukwa chake. Mtsikanayo akudandaula kuti bwanji mnyamata amene wamukonda ndi wa banja la Montague, adani a makolo ake. Wophunzira akalimva molakwika liwu limodzi limeneli, waphonya mutu wa sewero lonse, womwe ndi udani wa mabanja awiri.

13. Kodi mumadziwa kuti "whither" ndi "wither" amasiyana ndi h yekha? "Wither" ndi kufota, monga chimanga chimachitira mvula ikadula mu Januwale. "Whither" ndi funso lakale lotanthauza kupita kuti. Lili ndi anzake: "hither" ndi kubwera kuno, "thither" ndi kupita uko. Palinso gulu lina lonena za kochokera: "whence" ndi kuchokera kuti, "hence" kuchokera kuno, "thence" kuchokera uko. Chinsinsi chake n'chosavuta. Oyamba ndi h amanena za kuno, oyamba ndi th za uko, oyamba ndi wh ndi mafunso. Wowerenga Macbeth akagwira zimenezi, masamba ambiri amamasuka.

14. Kodi mumadziwa kuti "cleave" limatanthauza kumamatira komanso kung'amba? M'Chingerezi cha zaka 1,000 zapitazo anali mawu awiri osiyana, lina lonena za kuwaza kapena kugawa pakati, lina lonena za kukakamira. Pang'onopang'ono kalembedwe kawo kanafanana. Onse awiri ali m'Baibulo la King James. Pa Genesis 2:24, vesi lomwe limawerengedwa kawirikawiri pa ukwati, liwuli likunena za mwamuna kuphatikana ndi mkazi wake. Pa Genesis 22:3 likunena za Abrahamu kuwaza nkhuni za nsembe. Pa Rute 1:14 likunena za Rute kukakamira apongozi ake. Mlaliki womasulira kuchokera m'Chingerezi ayenera kuyang'ana chiganizo chonse asanasankhe tanthauzo.

15. Kodi mumadziwa kuti "councillor" ndi "counsellor" ndi anthu awiri osiyana? "Councillor" ndi khansala, yemwe timamuvotera kuti akatiimirire ku khonsolo ya Phalombe pa nkhani za misewu, milatho, misika ndi mijigo. "Counsellor" ndi wopereka uphungu, monga uja amacheza nanu m'kachipinda musanayezetse magazi. Mawuwa anachokera ku mawu awiri a Chilatini, lina lonena za msonkhano, lina lonena za langizo, ndipo Angerezi eni ake akhala akuwasokoneza kwa zaka mazana ambiri. Polemba kalata yofunsira ntchito, kusokoneza awiriwa kumaonetsa ngati simukuidziwa ntchito yomwe mukufuna. Chichewa nachonso chili ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi uphungu wa kuchipatala, zomwe muzu wake ndi umodzi: kulangiza.

16. Kodi mumadziwa kuti wodi ndi gadiyani ndi apachibale? "Ward" ndi liwu la Chingerezi chakale lonena za kulondera. Ndi lomwe linatipatsa wodi ya kuchipatala, komwe odwala amayang'aniridwa, komanso wodi ya khansala. Liwu la muzu womwewo linalowanso m'Chifalansa, momwe w anasanduka gu, ndipo a ku Normandy atagonjetsa England mu 1066 Chifalansa chinadzaza Chingerezi ndi mawu ake. N'chifukwa chake lero pali "ward" ndi "guard", "warden" ndi "guardian", "warranty" ndi "guarantee". Mayi uja amalawirira kukasonkha moto pa mafuwa kuseri kwa chipatala, n'kulowa m'wodi ndi kapu ya phala ndi beseni la madzi ofunda, dzina lake loti gadiyani ndi la chipinda chomwe akulowacho zonse zikunena chinthu chimodzi, kuyang'anira munthu amene sangathe kudzisamalira.

17. Kodi mumadziwa kuti "born" ndi "borne" anachokera ku mneni mmodzi? Mneniyo ndi "bear", kunyamula. "Born" linatsalira pa kubadwa, ndipo ndi lomwe mumalipeza polemba za tsiku lobadwa. "Borne" limanena za kunyamulidwa. Zikwangwani za zaumoyo zikamati matenda ndi "waterborne", zikutanthauza kuti madzi ndiwo amanyamula tizilombo kuchokera kwa wodwala kupita kwa wina. Kolera, yemwe anavuta kwambiri m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, ndi wa mtundu umenewu. Tanthauzoli ndi lothandiza, makamaka madzi akasefukira monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023: chomwe chanyamulidwa chikhoza kuimitsidwa panjira ndi kolorini, kuwiritsa madzi ndi chimbudzi chabwino.

18. Kodi mumadziwa kuti "aye" wa ku Nyumba ya Malamulo ndi inde? Liwuli limamveka ngati ayi wathu, koma tanthauzo lake ndi losemphana. Sipikala akafunsa aphungu maganizo awo pa bilu, ovomereza ndiwo amayankha "aye", ndipo okana amati "no". Mwambowu unachokera ku nyumba ya malamulo ya ku Westminster. Womvera pa wailesi akamva aphungu akufuula liwu lomveka ngati ayi, adziwe kuti avomera. Palinso "aye" wina wakale kwambiri, womveka ngati eyi, yemwe amatanthauza nthawi zonse. Ameneyu analowa m'Chingerezi kuchokera kwa anthu a ku Scandinavia, ndipo amapezeka m'ndakatulo ndi nyimbo zakale.

19. Kodi mumadziwa kuti "lessor" ndi mwini malo pomwe "lessee" ndi wobwereka? M'Chingerezi cha malamulo, chomwe chinatengera zambiri ku Chifalansa, mawu othera ndi "-or" kapena "-er" amanena za wopereka kapena wochita, ndipo othera ndi "-ee" amanena za wolandira. "Employer" ndi bwana, "employee" ndi wantchito. "Payer" ndi wolipira, "payee" ndi wolandira ndalama. Pa chikalata cha lizi kapena cha lendi ya nyumba, onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa pa mzere woyenera. Mwini munda akalembedwa pa mzere wa wobwereka, pepala limenelo likhoza kudzamutsutsa tsiku la mlandu.

20. Kodi mumadziwa kuti "estate" si esiteti ya tiyi yokha? Kwa ife oyandikana ndi Mulanje, liwuli limatikumbutsa minda ikuluikulu ya makampani. Koma m'malamulo limatanthauzanso chuma chonse chomwe munthu wasiya atamwalira. Lili ndi tanthauzo lachitatu m'lamulo la malo a mafumu la 2016: "customary estate" ndi munda kapena malo a pamudzi omwe alembetsedwa m'dzina la munthu kapena banja. Phalombe, pamodzi ndi Kasungu ndi Rumphi, ndi ena mwa maboma oyamba komwe kalembera ameneyu anayesedwa. Komiti yoona za malo imatsogoleredwa ndi gulupu, ndipo mwa mamembala 6 osankhidwa ndi anthu, osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Kudera ngati lathu, komwe malo amatsata mbumba ya kuchikazi, mfundo imeneyi ndi yofunika kuidziwa.

21. Kodi mumadziwa kuti "executor" si "executioner"? Onse anachokera ku mneni wotanthauza kukwaniritsa zomwe zalamulidwa. "Executioner" ndi wonyonga anthu oweruzidwa kuti aphedwe. "Executor" ndi munthu wodalirika amene mwamusankha mu wilo kuti adzagawe chuma chanu monga mwalembera. Udindo wake ndi kulipira ngongole za malemu ndi kupereka zotsala kwa oyenera, osati kudzitengera. Munthu akamwalira atasiya wilo amati wafa "testate", akapanda kusiya amati "intestate", ndipo pamenepo lamulo ndilo limagawa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu.

22. Kodi mumadziwa kuti kufunsa tanthauzo ndi ufulu wanu? Gawo 42 lomwe lija limanena kuti womangidwa auzidwe chifukwa chomwe wamangidwira m'chilankhulo chomwe amamva, ndiponso kuti mlandu wake uzengedwe m'chilankhulo chimenecho, apo ayi boma limupezere womasulira mosamulipiritsa. Gawo 26 limapatsa aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chomwe wasankha. Mawu omwe tawaona pamwambapa amasokoneza ngakhale eni Chingerezi, choncho palibe chochititsa manyazi kunena kuti sindinamve. Pepala la malo, la ngongole kapena la kukhoti likafika m'manja mwanu, pemphani kuti aliwerenge liwu ndi liwu m'Chichewa kapena m'Chilomwe, pakhale munthu wanu womvera nawo, ndipo musasayine kapena kudinda chala mpaka mutadziwa kuti wopereka ndani, wolandira ndani, ndipo mukuvomera chiyani.